Mpata wa Pakati pa Adada ndi Mkamwana Wawo

Kamera yanga yoyamba inachokera ku Tunduma itakulungidwa m'thawulo, pansi pa katoni ya sopo. Anandibweretsera ndi mayi wina wa geni amene ankawoloka malire mwezi uliwonse, ndipo pondipatsa anangoti m'Chiswahili, "Iyo, safi kabisa," kutanthauza kuti ndi yabwino zedi, ngakhale kachitseko ka batire kanali komata ndi selotepi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'kasitolo kena pa boma la Chitipa, kochita fotokope ndi kujambula tizithunzi ta pa ziphaso. Munthu ankakhala pa mpando, kumbuyo kuli nsalu yoyera, ine n'kuti, "Musaphethire," basi zatha. Ndinkaganiza kuti ukwati nawo ndi chimodzimodzi, kungoti anthu ake ndi ambiri.

Maukwati awiri oyamba anandichotsa matama. Woyamba unachitikira mu tenti ya lona ya buluu, ndipo anthu onse anatuluka ndi nkhope za buluu. Kamera inkaona kuyera kwa diresi n'kudetsa china chilichonse, moti mkwati, munthu wakuda bwino, anangotsala mano ndi kolala. Pa wachiwiri ndinati ndachenjera, ndinawatulutsira panja dzuwa lili paliwombo. Maso onse anasanduka maenje, ndipo mtengo wa magetsi unamera pamutu pa abusa. Mayi a mkwatibwi anabwera kusitolo chithunzi chili m'manja, nandifunsa mwaulemu ndithu kumene ndinasiya mapazi awo, poti nsapatozo anali atagulira tsiku limenelo.

Manyazi anandiphunzitsa kufatsa. Masana aliwonse ndinkakhala pakhonde la sitolo, pomwe netiweki inkagwira bwino, n'kumaonera pa foni mavidiyo a ojambula akunja. Ndinaphunzira kuyang'ana kaye zomwe zili kumbuyo kwa munthu ndisanayang'ane munthuyo. Ndinaphunzira kuti dzuwa la masana ndi lankhanza, ndipo kuwala kokoma kumapezeka m'mphepete mwa mthunzi, pakhomo kapena pazenera, pomwe kumamenya nkhope cham'mbali. Koma phunziro lomwe linandilowa mpaka m'mafupa linali la kaimidwe ka anthu. Onse ankanena chimodzi: anthu a banja limodzi ayandikane, mapewa akhudzane, pasatsale mpata, chifukwa mpata pa chithunzi umaoneka ngati chidani. Ndinalemba mawu amenewa m'kabuku kanga n'kuwadula mzere kunsi.

Ndiye anandiimbira foni akulu anga, mphunzitsi wa ku Nthalire, kuti akukwatira mu Ogasiti ndipo ukwati udzachitikira kwathu ku Wenya. Anati za keke ndi za kwaya ndijambule mmene ndingafunire, koma iwo akufuna chithunzi chimodzi: iwo, mkazi wawo ndi adada. "Ukudziwa wekha mmene chifuwa chija chawadyera," anatero. "Ndipo palibe chithunzi chawo m'nyumba muja, kupatula cha pa chitupa." Ndinawauza kuti asade nkhawa, ntchitoyo ili m'manja mwa katswiri.

Ndinene pano kuti kwathuko ine ndinali mlendo. Amama atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, asibweni, alongo awo a amama, omwe anali wapolisi, ananditenga kupita nane ku Lilongwe. Akulu anga anatsala ndi adada. Ine ndinkangobwera holide ina ndi ina, ndipo Chitumbuka changa chinatsala cha mwana wamng'ono, chopempha madzi ndi kunena kuti ndakhuta. Adada ankandilankhula m'Chichewa cholemera, chosankha mawu, chomwe ankalankhulira alangizi a zaulimi. Nditabwerera ku Chitipa ndili wamkulu ndinkati tsopano tizolowerana, koma ndikapita tinkangokhala pakhonde n'kukambirana za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Ndinkawafuna adada anga, ndipo sindinkadziwa poyambira.

Ndinafika Lachisanu pa lole ya matola, mtunda wotsalawo n'kuyenda wapansi, chikwama cha kamera nditachikumbatira chifukwa cha fumbi. Mphepo ya mwezi umenewo kwathu sinyengerera munthu. Adada ndinawapeza atakhala pa kampando kawo, atawonda moti wotchi inkatsetsereka mpaka m'chigongono.

"Monire, adada."

"Monire. Wafika? Ndiye makina ake amenewo?"

"Ndi amenewo."

Anawayang'ana pang'ono, nagwedeza mutu, n'kufunsa ngati msewu awukonza.

Mu tchalitchi zonse zinayenda bwino, ndipo mwina n'zimene zinandipusitsa. Mazenera anali aang'ono, koma ndinapempha abusa kuti akwati aime pafupi ndi khomo la m'mbali, ndipo kuwala kunawagwera mokoma kwabasi. Alamu anga, mtsikana wa ku Kaseye, wamtali ndi wofatsa, ankayang'ana pansi nthawi yonse, koma mphete ikulowa anamwetulira pang'ono ndipo ndinawagwira. Potuluka ndinali nditayamba kale kulamula anthu ngati wapolisi wa pamsewu. Inu sunthani, inu chotsani ambulera, inu tayani chingamu.

Titafika kunyumba ndinasankha malo. Pansi pa mtengo wa mango sindinafunepo, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limathothomera mawanga pankhope. Ndinasankha mthunzi wa khoma la nyumba ya adada, la njerwa zofiira, lopanda chingwe cha zovala kapena ndowa kumbuyo. Ndinaimika akulu anga ndi alamu. Kenako ndinapita kwa adada, n'kuwagwira dzanja, ndipo ananditsatira mosakana, poganiza kuti ndikukawaimika pambali pa mwana wawo. Koma ine m'mutu mwanga mkwatibwi anayenera kukhala pakati, diresi loyera pakati pa amuna awiri ovala zakuda. Ndinawazungulitsa n'kuwaimika kumbali kwa alamu, ndipo nditaona kuti patsala kampata ndinawakankhira pang'ono mpaka phewa lawo linakhudza velo.

"Alamu, dzutsani mutu," ndinatero ndikubwerera m'mbuyo. "Ayang'aneni apongozi anu, mumwetulire."

Amayi omwe ankaimba kuseri kwa nyumba analeka nyimbo pakati. Alamu anagwa pansi ndi mawondo, diresi lonse m'fumbi, nakokera velo kumaso. Ndiye ndinamva mawu a ankhazi, alongo awo a adada, akuchokera kukhitchini ali ndi chipande m'manja.

"Iwe! Ulije soni? Ulibe manyazi iwe?"

Adada sanakalipe. Anasuntha masitepe awiri, nayang'ana kumbali, n'kunena motsitsa mawu, osati kwa ine koma kwa anthu onse, "Mulekeni. Mwana uyu wakulira kutali." Atatero analowa m'nyumba. Bola akanangondimenya khofi.

Kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, sayandikira apongozi ake aamuna. Saima nawo limodzi, sawayang'ana kumaso, ndipo akafuna kuwapatsa moni amagwada patali n'kuyang'ana kumbali. Akakumana panjira iye amapatukira m'tchire. Zimenezi ndinkazidziwa monga mmene munthu amadziwira nkhani ya kwa eni. Sizinandifikepo m'mutu kuti zikukhudza adada anga ndi alamu anga, pa tsiku la diresi loyera ndi keke. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pamaso pa mudzi wonse ndi alendo a ku Kaseye.

Ndikanakhala wanzeru ndikanakhala chete. Koma ine ndikachita manyazi ndimapsa mtima, khalidwe lomwe mpaka lero silinandichoke. Ndinatsatira ankhazi kuseri kwa khitchini n'kuyamba kuwauza kuti zimenezi n'zachikale, kuti dziko linapita patsogolo, kuti chithunzi cha banja anthu atatalikirana chimaoneka ngati akangana. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Wamala?" anafunsa. "Wamaliza? Pulika sono, tamvera. Mtsikana uja wagwada chifukwa akuwalemekeza adada ako chomene. Iwe ukuona chidani pamene ife tikuona ulemu. Maso ako ndi makina ako n'chimodzimodzi, onse ngogula."

Ndinabwerera kubwalo n'kumajambula perekaniperekani mtima uli kwina. Anthu ankavina, mphepo inkagwetsa mabaluni, ndipo mpando wa adada pa tebulo la makolo unali wopanda munthu. Nthawi ndi nthawi ndinkamva chifuwa chawo m'nyumba. Dzuwa litapendeka akulu anga anandikokera pambali. Sanandidzudzule, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anangoti mawa m'mawa iwo ndi alamu akunyamuka, ndipo sakudziwa ngati adzakhalenso pamodzi atatuwo adada ali ndi mphamvu zokhala tsonga. "Chithunzi chija, mng'ono wanga," anatero. "Chimodzi chokha."

Dzuwa linali litatsala pang'ono kubisala kuseri kwa phiri. Ndinavula kamera m'khosi n'kupita ku nyumba ya adada. Anali atakhala pa kampando kawo m'kati mwenimweni mwa khomo, akuyang'ana panja. Ndinagwada pakhonde, mawondo onse awiri pansi, zomwe ndinali ndisanachitepo kwa iwo chikulire changa.

"Adada, nananga. Ndalakwa."

"Wananga nadi," anayankha. Kenako anawonjeza kuti, "Kweni sunachite dala."

Ndili chigwadire chomwecho, m'pamene ndinawaona bwino. Dzuwa lofiira linkamenya khoma la khonde n'kubwerera pa tsaya lawo lamanzere, mbali inayo ili mu mdima wa m'nyumba. Makwinya onse ankaoneka, ndi imvi za m'ndevu, ndi kachipsera ka pamphumi komwe ndinali nditaiwala kuti ali nako. Ndinali nditafunafuna kuwala koteroko chaka chonse pankhope za anthu achilendo, ndipo kunali pano, pa adada anga, ine ndili m'munsi mwawo. Mtima unandiwawa ndi chikondi.

"Adada," ndinatero, "akulu akupemphabe chithunzi chija. Inu musasunthe, mungotulutsa mpando pang'ono pakhomo. Koma ndiuzeni ndinu. Mkamwana wanu akhale pati?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza ndi chibwano cha kunkhokwe, kutsidya kwa bwalo. "Apo."

Ndinathamanga kukaitana anthu atatu okha, akulu anga, alamu ndi ankhazi. Akulu anga ananjuta pambali pa mpando wa adada, dzanja lili pa mwendo wa mpandowo. Alamu anakagwada pafupi ndi nkhokwe, thupi atalitembenuzira kumbali, manja pa mawondo. Ine ndinapita kumapeto kwa khonde n'kugona chafufumimba kuti onse atatu alowe, adada pafupi kumanzere, alamu patali kumanja. Ndinachepetsa kabowo ka lenzi kuti wapafupi ndi wakutali yemwe aoneke bwino. Mbali imodzi ya nkhope ya adada inali yakuda kwambiri, ndiye ndinapempha ankhazi kuti akatenge nsalu yoyera ya pa tebulo la keke, aime nayo atatambasula kuti ibweze kuwala.

"Sono ine ndasanduka chingwe choyanikira?" anatero, koma anaigwira, ndipo anaigwira bwino ngakhale mphepo inkalimbana nawo.

Pakati pa chithunzicho panali bwalo losesedwa, lopanda kanthu, mizere ya tsache ikuoneka. Malinga ndi kabuku kanga, chimenecho chinali cholakwa chachikulu. Ndili pafupi kudina, adada anakweza dzanja.

"Muuzeni asendere pachoko," anauza ankhazi. "Wakhala kutali chomene. Anthu adzati tinamuthamangitsa."

Ankhazi anatulutsa kamawu ka m'mphuno, koma anapereka uthengawo. Alamu anasendera ndi mawondo, mwina sitepe imodzi yokha, ndipo ngakhale ankayang'ana pansi, milomo yawo inaonetsa kuti amva. Ndinadina kanayi. Pachinayi adada anali atayamba kutsokomola, ndipo dzuwa linalowa kuseri kwa phiri, khoma lija n'kuzima.

Ndinadzuka ndikusasa fumbi, maso ali pa kagalasi ka kamera. Chithunzi chachiwiri chinali ndendende. Akulu anga anasuzumira, napumira m'mwamba, kenako anatambasula dzanja. "Bweretsa ndikujambule nawe. Khala apa ndinakhala ine." Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana nkhope ya adada yomwe tsopano inali mu mdima, n'kupukusa mutu. Ndinati kuwala kwatha, fulashi ingawayeretse ngati mzukwa, tidzajambula chabwino tsiku lina. Komanso, kunena zoona, sindinkafuna kuti munthu wina agwire kamera yanga.

Chithunzicho ndinakatsukitsa ku Karonga, chachikulu, n'kuchiika mu felemu. Ntchito inandigwira, moti ndinapita nacho ku Wenya mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Kamera ndinaisiya pa boma poopa kuti inyowa panjira. Ndinapeza adada ali okha, anthu onse a pakhomopo ali kumunda kukadzala. Anachilandira ndi manja awiri, nachiika pa mawondo, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa nkhope ya akulu anga, kenako anadutsa bwalo lija pang'onopang'ono mpaka pa diresi la alamu.

"Makora, chili bwino," anatero. "Aliyense wakhala pa malo ake." Chala chija chinabwerera, chikufufuza m'mphepete mwa felemu. "Sono iwe uli nkhu? Uli pati iwe?"

"Ine ndinali kuseri kwa makina, adada. Wojambula saoneka."

"Yayi," anatero. "Ana anga ndi awiri."

Anadzuka movutikira, nalowa kuchipinda. Ndinamva sutikesi ikutseguka. Anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi pamwamba pa malaya a kumunda, atapesa ndi tsitsi lomwe. Anakokera kampando pakhomo, pamalo pomwe paja, nakhala, n'kumenya pansi pambali pawo ndi chikhato kuti ndikhale pamenepo. Anati tiitane mayi wa nyumba yoyandikana adine.

Ndinawauza kuti makina ndawasiya. Foni inali m'thumba langa la thalauza, ndipo ndinkaimva ikundikhudza pa ntchafu. Koma galasi lake linali losweka, kumwamba kunali mitambo yakuda, ndipo pakhomopo panali mbuu. Ndinali nditangowapatsa chithunzi chabwino koposa zonse zomwe ndinajambulapo, ndipo sindinafune kuti changa ndi iwo chikhale chonyozeka pambali pake. Ndinati ndibwera pa Khirisimasi ndi kamera, tidzadikira dzuwa la madzulo, chidzakhala chokongola kuposa ichi.

"Ho," anatero. "Ndiwe ukudziwa ntchito yako."

Disembala ndi mwezi wa maukwati. Mbiri ya chithunzi chija inali itayenda, ndipo Loweruka lililonse ndinali ndi kopita, mpaka ukwati wina wa ofisala wa pa chipata cha m'malire ndinaujambula. Pa Khirisimasi ndinangoimba foni kudzera kwa ankhazi. Adada anamwalira Januwale ali pakati, Lachiwiri m'mawa, ine ndili musitolo ndikuuza munthu kuti asaphethire.

Papita zaka tsopano, ndipo anthu amati ndimajambula bwino. Pa ukwati uliwonse ndimayamba ndafunsa akuluakulu kuti ndani sayandikana ndi ndani. Ndipo wina akandikoka malaya phwando likutha, kuwala kutathawa, kuti ndimujambule ndi bambo ake, sinditsutsa. Ndimayatsa fulashi n'kudina, chituluke mmene chitulukire.

Chithunzi chija chili kwa akulu anga ku Nthalire, ndipo china chonga icho chili kwanga. Ndimachikonda, koma si chimene ndimachiona ndikawasowa adada. Ndimaona tsiku la mitambo lija. Nditakana, sanabwerere kuchipinda kukavula. Tinakhala pakhomo pomwepo masana onse, ine pansi pambali pa mpando wawo, tikukambirana za mvula, iwo ali chivalire jekete. Nditatsanzika anandiperekeza mpaka pa nkhokwe, pomwe mpweya unawathera. Nditafika pokhotera njira ndinacheuka, ndipo anali ataimabe pomwepo, atamanga mabatani onse atatu, ngati munthu amene akudikira kuti mwina ndisintha maganizo.